Mavitamini a B, vitamini C ndi ayironi: mafunso amene anthu a kuno ku Chipata amakonda kufunsa

Mafunso awa amamveka mobwerezabwereza pa sikelo ya ana, pa sikelo ya amayi oyembekezera ndi m'magulu a m'midzi. Tayamba ndi osavuta. Funso likakhudzana ndi linzake, takulozerani kumeneko m'malo mobwereza.

Kodi mavitamini osungunuka m'madzi ndi ati?

Ndi vitamini C pamodzi ndi mavitamini asanu ndi atatu a gulu la B: B1, B2, B3, B5, B6, B7, B9 ndi B12. B9 ndi uja mumamudziwa ndi dzina loti folic acid.

Kusungunuka m'madziku kumabweretsa zinthu ziwiri. Choyamba, thupi siliwasunga kwa nthawi yaitali: limatenga amene likufuna, otsalawo amatuluka ndi mkodzo, ndiye amafunika kulowa m'thupi pafupifupi tsiku lililonse. B12 yekha ndiye amakhala m'chiwindi kwa zaka. Chachiwiri, amathawira m'madzi ophikira, ndipo ena mwa iwo sapirira moto. Apa ndi pamene amasiyanirana ndi vitamini A, uja amaikidwa mu shuga wa m'dziko muno kuyambira 1998 ndiponso amadonthezedwa m'kamwa mwa ana pa Child Health Week. Ameneyo amayenda ndi mafuta ndipo thupi limamusunga kwa miyezi.

Nanga ayironi ndi vitamini?

Ayi, ndi mchere wa m'thupi. Munthu wamkulu amakhala ndi magalamu 3 kapena 4 okha, ambiri mwa iwo ali m'magazi, momwe amanyamula mpweya kuchoka m'mapapo kupita ku ziwalo zonse. Tamuika pamodzi ndi mavitaminiwa chifukwa ntchito yawo ndi yolukanalukana: popanga magazi pamafunika ayironi, folic acid ndi B12, pomwe vitamini C amathandiza ayironi kulowa m'thupi.

Ndingadziwe bwanji kuti magazi achepa?

Munthu amatopa msanga, amachita chizungulire akadzuka, mtima umagunda kwambiri, ndipo kamtunda kamene ankakwera akucheza kamayamba kumuchititsa befu. Zikhatho, lilime ndi m'kati mwa zikope mumayera. Mwana amafooka, safuna kusewera, ndipo kusukulu mutu sugwira.

Koma maso amanama. Ambiri amene magazi awo ndi ochepa amaoneka bwinobwino. Njira yodalirika ndi kupimitsa Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi, kuja amabaya chala. Malinga ndi bungwe la WHO, magazi ndi ochepa ngati Hb ili pansi pa 13 kwa bambo, pansi pa 12 kwa mayi wosayembekezera, ndi pansi pa 11 kwa mayi woyembekezera. Hb ya mayi wapakati ikatsika pansi pa 7, imeneyo ndi nkhani yothamangira nayo ku chipatala tsiku lomwelo. Vutoli ndi lofala kuposa mmene timaganizira: kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 58 mwa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59 anali ndi magazi ochepa, ndipo mwa amayi a zaka 15 mpaka 49 anali 31 mwa 100.

Ndiye kuti vuto ndi zakudya basi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya nthawi. Kuno Kum'mawa malungo amaphwanya magazi a ana ndi amayi apakati chaka ndi chaka, makamaka m'dzinja ndi m'madera a kuchigwa monga Mambwe. Njoka za m'mimba, zija zimalowera kumapazi munthu akamayenda wopanda nsapato pa dothi lonyowa, zimayamwa magazi pang'onopang'ono. Likodzo limawataya mumkodzo. Palinso msambo wochuluka, kubereka pafupipafupi, zilonda za m'mimba, matenda a sickle cell, TB ndi HIV.

Mtsuko wobooka sudzaza ngakhale mutunge tsiku lonse. Munthu amene ali ndi njoka kapena likodzo angadye bwino chotani, magazi sakwera mpaka chimene chikuwatayacho chitachizidwa. Ndipo bambo, kapena mayi amene anasiya kusamba, akapezeka ndi magazi ochepa, musathamangire kugula mapiritsi. Pamafunika kufufuza kumene magaziwo akupita.

Ndi zakudya ziti zimene zili ndi ayironi?

Ayironi ali mitundu iwiri. Wa m'nyama ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Ameneyu ali m'chiwindi, zam'kati, nyama ya mbuzi ndi ng'ombe, nkhuku, kapenta wodya ndi mutu womwe, ndi mbewa zomwe anzathu a m'madera ena amatiseka nazo. Inswa ndi vinkhubala nazonso zili ndi ayironi wochuluka ndithu.

Wa m'zomera ali mu nyemba, nyemba za soya, khobwe, nandolo, nzama, nshawa, nthanga za maungu, ndi masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, chiwawa, kholowa, chigwada ndi luni. Palinso mtundu wa nyemba wotchedwa Mbereshi, umene akatswiri a zaulimi anautulutsa dala kuti ukhale ndi ayironi wambiri. Vuto la ayironi wa m'zomera ndi loti wochepa yekha ndiye amadutsa m'matumbo, wotsalayo amangotuluka. Pali zomuthandiza ziwiri: kanyama kapena kansomba pang'ono m'ndiwo zomwezo, ndi vitamini C pa chakudya chomwecho. Dzanja limodzi la kapenta mu mphika wa chiwawa, ndi matimati oikidwa kumapeto, zimachita zambiri kuposa kuwonjezera masamba okhaokha.

Bambo amafunika mamiligalamu pafupifupi 8 pa tsiku, mayi amene akusamba 18, mayi wapakati 27. Ganizirani manambala amenewa potsatira mwambo wathu wopatsa abambo nthuli zonona, mayi n'kutsala ndi msuzi.

Akuti tiyi amachepetsa magazi. N'zoona?

Tiyi sayamwa magazi, koma ali ndi zinthu zimene zimamanga ayironi wa m'zomera m'matumbo kuti asalowe. Khofi amachita chimodzimodzi. Simufunika kusiya tiyi. Ingodikirani ola limodzi kapena kuposerapo mukatha kudya, ndipo musamwere tiyi mapiritsi a magazi. Ana aang'ono asamamwetsedwe tiyi n'komwe: amadzaza kamimba popanda chopindula.

Vitamini C ndingamupeze kuti ngati malalanje akudula?

Malalanje angotchuka chabe. Gwafa ali ndi vitamini C woposa wa mu lalanje, ndipo ufa wa malambe nawo ndi wolemera kwambiri. Mango, mapapaya, masawu ochokera kuchigwa cha Luangwa, mandimu, matimati, kabichi, repu ndi mbatata zonsezi zili naye. Nyengo iliyonse ili ndi chake, ndipo pa msika wa Kapata simusowa chimodzi mwa izi.

Vitamini C amathandiza zilonda kupola, amalimbitsa nkhama ndi khungu. Munthu akakhala mwezi umodzi kufika itatu osadya chipatso kapena ndiwo zamasamba zaziwisi, nkhama zimayamba kutupa ndi kutuluka magazi, mano kugwedera. Zotere zimaoneka m'malo ngati ndende ndi m'misasa ya othawa nkhondo, kapena kwa agogo okhala okha amene amangodalira phala. Za chimfine, kumwa vitamini C sikuletsa munthu kudwala. Kwa amene amamwa masiku onse chimfinecho chimangofupikako pang'ono.

Kodi soda ndi chidulo zimawononga ndiwo?

Inde. Soda, kaya wogula kaya chidulo chotcheza ku phulusa, amapha vitamini C ndi B1, ndipo amawononganso B2 ndi folic acid. Tikudziwa kuti therere lopanda soda silitelereka bwino, ndipo palibe amene akunena kuti therere lithe. Chimene chimatidandaulitsa ndi chizolowezi chothira soda paliponse, mu chiwawa, mu nyemba, mu chigwada, pofuna kuti zifewe msanga makala asathe. Nyemba mukaziviika usiku wonse zimapsa msanga popanda soda, ndiponso kuviikako kumachepetsa zija zimamanga ayironi.

Pophika masamba, tsukani musanadule, osati mutadula. Mukaduladula kenako n'kuviika m'beseni, madzi obiriwira aja mumataya kuseri kwa nyumba amapita ndi mavitamini. Madzi akhale ochepa, ayambe awira musanaponyemo masamba, vundikirani, ndipo muphule masamba akadali obiriwira. Akafika pochita bii, apsereratu. Msuzi wake musataye. Ndiwo zophika m'mawa n'kumazitenthetsa masana ndi madzulo zimakhala zitatha mphamvu ya vitamini C, ngakhale kukoma kulipo.

Chigwada chokha ndicho chosiyana: chimafunika kusinja ndi kuwiritsa mokwanira chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amatha ndi moto. Pamenepo musafupikitse.

Nanga mfutso uli ndi phindu?

Uli nalo. Ayironi sathawa dzuwa, ndiye mfutso wa chiwawa kapena wa khwanya umakhala naye ndithu. Chimene chimatayika ndi vitamini C ndi mbali ina ya folic acid. Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga zambiri kuposa kuyanika padzuwa la phwee. M'chilimwe mukamadya mfutso wotendera, finyiranimo ndimu kapena mutsirize ndi malambe.

Ufa woyera ndi mgaiwa, wabwino ndi uti?

Mavitamini a B a m'chimanga amakhala m'khungu lake ndi m'kamtima kaja. Pokonola, zimenezi zimapita ku gaga, gaga n'kupita ku nkhumba ndi nkhuku. Mphale ikaviikidwa masiku angapo, madzi aja amatenganso otsalawo. Ufa woyera umatuluka wosalala, nsima yake yokoma, koma wasiya zambiri m'njira. N'chimodzimodzi ndi ufa wa m'sitolo: wa roller umasunga zambiri kuposa wa breakfast. Anthu amati mgaiwa ndi wa osauka kapena wa nthawi ya njala, koma pa nkhani ya B1 mgaiwa ndiwo uli patsogolo. Kunena chilungamo, pa ayironi kusiyana kwake si kwakukulu monga ena amanenera, chifukwa gaga yemweyo alinso ndi zomanga ayironi. Thobwa wa chimera amathandizako pamenepa, poti kumeretsa ndi kusasitsa kumamasula ayironiyo. Ngati banja silingaulole mgaiwa pa nsima, yambani ndi phala la ana.

Pali matenda amodzi amene amalondola anthu odalira chimanga chokhachokha: pellagra, obwera chifukwa chosowa B3. Chimanga chili ndi B3 womangika amene thupi limalephera kumutenga. Khungu la malo owombedwa ndi dzuwa, monga pakhosi, kunja kwa manja ndi pamapazi, limada, limakhakhala ndi kusweka, mbali zonse ziwiri mofanana. Kenako kumabwera kutsegula m'mimba, ndipo pomaliza mutu umasokonekera. Mabanja ambiri amayamba kuganiza zolodzedwa, kapena kugula mafuta odzola, pomwe matendawa amachira ndi mapiritsi a B3 ndi kusintha kadyedwe. Akasiyidwa amapha.

M'chaka cha 1990, anthu pafupifupi 18,000 mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anali m'dziko la Malawi anadwala pellagra, nshawa zitasiya kufika pa chakudya chimene ankalandira. Nshawa zili ndi B3 wambiri, ndipo ife ndi eni ake a nshawa: Chalimbana ndi mitundu ya MGV yochokera ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera imalimidwa pakhomo pathu. Chowawa n'choti matumba onse amapita kwa ogula mu Juni ndi Julayi, pofika Januwale nsinjiro palibe, ndiwo ndi masamba amchere basi. Thumba limodzi losiyira pakhomo ndi lofunika kuposa ndalama imene likanabweretsa.

Mapiritsi a magazi a kusikelo akuti amakulitsa mwana m'mimba. Ndimwe?

Imwani, amayi. Mapiritsiwo sakulitsa mwana mopitirira muyezo. Chimene amachita ndi kuchepetsa ngozi yobereka mwana wonyentchera kapena wosakwana masiku, ndi kukusungirani magazi oti mupirire nawo pobereka. Mayi aliyense amataya magazi pochira. Amene anafika ali nawo ochepa kale ndiye amakhala pa ngozi. WHO imalangiza mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi ndi mamiligalamu 0.4 a folic acid tsiku lililonse mimba yonse. Chakudya chokha sichikwanitsa muyezo umenewu, ngakhale m'nyumba zopeza bwino.

Fansidar wopewera malungo amene mumamwera pamaso pa anamwino ndi neti yogonamo zili mbali ya nkhani yomweyi, pa zifukwa zomwe tafotokoza pa funso la zoyambitsa kuchepa kwa magazi. Musagule nokha folic acid wa mamiligalamu 5, chifukwa muyezo waukuluwu umafooketsa Fansidar. Amaperekedwa pokhapokha dokotala ataona chifukwa. Chiwindi ndi chabwino, koma mayi wapakati asachidye kawirikawiri poti chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri. Mazira idyani, zoti mwana amabadwa wopanda tsitsi n'zongokamba.

Ndikamwa mapiritsiwa chimbudzi chimada ndipo ndimachita nseru. Ndisiye?

Kuda kwa chimbudzi ndi ayironi wotsala amene akutuluka, si matenda. Nseru imachepa mukamwera chakudya pang'ono kapena pogona. Pa kudzimbidwa, onjezani madzi, mapapaya ndi masamba. Zikapitirira, auzeni anamwino asinthe kamwedwe, kusiyana ndi kukankhira paketi pansi pa mphasa n'kumavomera kusikelo kuti mukumwa.

Amene akuchizidwa kuchepa kwa magazi amamva bwino pakatha masabata ochepa, koma amafunika kupitiriza miyezi itatu Hb itabwerera m'malo, kuti nkhokwe ya m'thupi idzazenso. Chenjezo lalikulu ndi ili: mapiritsiwa amaoneka ngati maswiti, ndipo mwana wamng'ono akameza ambiri akhoza kufa. Asungeni patali. Zikachitika, thamangirani ku chipatala ngakhale mwanayo akuoneka kuti ali bwino.

Chifukwa chiyani amati folic acid ayambike mimba isanabwere?

Msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Folic acid akachepa pa nthawiyo, mwana akhoza kubadwa ndi chotupa kapena bowo pamsana. Mwambo wobisa mimba mpaka ionekere, n'kukayamba sikelo pa miyezi isanu, umachedwetsa thandizoli. Ngati mukufuna mwana, kafunseni folic acid mukadali kukonzekera. Amene anaberekapo mwana wa vutoli anene msanga, chifukwa muyezo wawo ndi wosiyana. M'zakudya, folic acid ali mu nyemba, khobwe, nshawa, mapeyala ndi masamba osapsetsa kwambiri.

Ndimalakalaka dothi. Kodi ndiye kuti thupi likufuna ayironi wa m'dothimo?

Chilakolako cha dothi la pachulu kapena lija logulitsidwa pamsika chimayenda kawirikawiri ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo kwa ambiri chimatha akayamba mapiritsi. Koma dothilo silibwezera ayironi. Limamumanga m'matumbo, limadzimbitsa, ndipo likhoza kubwera ndi mazira a njoka. Kapimitseni Hb, ndipo musachite manyazi kuwauza anamwino. Amazimva tsiku ndi tsiku.

Mwana wanga akuyamwa. Akufunikanso ayironi?

Mwana wobadwa pa nthawi yake amabwera ndi ayironi womukwanira pafupifupi miyezi 6. N'chifukwa chake azamba masiku ano amadikira mphindi imodzi kufika zitatu asanadule mchombo, kuti magazi otsala alowe mwa mwana. Ikatha miyezi 6, bere lipitirire, koma palokha silikwanitsanso. Phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi shuga silimuthandiza. Likhale lolimbako, losayoyoka pa supuni, ndipo muikemo nsinjiro, kapenta wosinja, dzira, nyemba zopota kapena kachiwindi kophwanya. Mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi wochepa kwambiri, usakhale chakumwa chachikulu mwana asanakwanitse chaka. Obadwa masiku asanakwane amalandira ayironi wa madzi ku kiliniki.

Ndikumwa ma ARV kapena mankhwala a TB. Pali chosintha?

Chilipo. Ayironi amagwirana ndi dolutegravir, mankhwala a ARV amene ali m'piritsi la TLD, n'kumulepheretsa kulowa bwino m'thupi. Mungamwere zonse ziwiri pamodzi pokhapokha muli pa chakudya. Apo ayi, imwani TLD maola awiri musanamwe ayironi, kapena maola 6 mutamwa ayironi. Mankhwala opha mabakiteriya a ciprofloxacin ndi doxycycline nawonso sayenda limodzi ndi ayironi.

Isoniazid, wa TB ndi wopewera TB, amadya B6 m'thupi, ndipo zotsatira zake ndi dzanzi ndi kutentha kwa mapazi. Kapiritsi kakang'ono ka B6 kamene amakupatsani limodzi nako ndi ka ntchito imeneyo, musakanyoze. Isoniazid angathenso kudzutsa pellagra. Zizindikiro zake zili pa funso la ufa.

Sindidya nyama. Ndikusowa chiyani?

B12. Ameneyu sapezeka m'masamba, nyemba kapena zipatso, koma mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka basi. Ngati mumadya mazira, mkaka kapena kapenta kangapo pa sabata, muli bwino. Ngati simudya chilichonse cha izi, kaya chifukwa cha chipembedzo kaya kusowa, mufunika mapiritsi. Poti chiwindi chimamusunga, vuto limaoneka patapita zaka: dzanzi, kuyenda modzandira, kuiwalaiwala, lilime losalala lowawa. Okalamba ndi omwa metformin, mankhwala a matenda a shuga, kwa nthawi yaitali amathanso kumusowa ngakhale akudya nyama. Folic acid amatha kukweza magazi n'kubisa vutoli pomwe mitsempha ikuwonongekabe, ndiye dzanzi losatha lisachizidwe mongoganizira.

Mowa umakhudza bwanji zonsezi?

Womwa kwambiri amadya pang'ono, ndipo mowa umatsekereza B1, B3 ndi folic acid kulowa m'thupi. Kusowa B1 kumafooketsa miyendo, kumatupitsa mapazi, ndipo kukafika ku ubongo munthu amasokonezeka, maso osakhazikika. Ambiri odwala pellagra m'matauni ndi anthu a kachasu. Chodabwitsa n'choti mowa wamasese wophikidwa m'migolo yachitsulo umatenga ayironi wochuluka kwambiri, ndipo kwa abambo ena omwa zaka zambiri amaunjikana n'kuwononga chiwindi. Ichi ndi chifukwa china chimene bambo sayenera kumwera mapiritsi a magazi asanapimidwe.

Nanga zakumwa zofiira, masamba a mapeyala ndi jekeseni wa B-complex?

Kufiira kwa chakumwa si magazi. Zakumwa za m'botolo ndi shuga ndi utoto, ndipo madzi owiritsa masamba a mapeyala, ngakhale amafiira, sangalowe m'malo mwa mapiritsi a ayironi. Choopsa chake ndi masabata amene amatha mwana akumwetsedwa zimenezi pomwe malungo akumudya.

B-complex amathandiza amene akusowadi mavitaminiwo. Kwa munthu wodya mosinthasintha, ambiri amangotuluka, ndipo mkodzo wachikasu kwambiri uja ndi B2 akudutsa. Jekeseni saposa piritsi, kupatula kwa amene matumbo awo satha kuyamwa B12 kapena wodwala kwambiri amene ali m'manja mwa dokotala, ndipo kubayitsa kwa munthu wa m'komboni kuli ndi ngozi zake. Kusungunuka m'madzi sikutanthauzanso kuti mungamwe mulimonse: B6 wochuluka kwa miyezi amawononga mitsempha, ndipo vitamini C wopitirira mamiligalamu 2,000 pa tsiku amatsegula m'mimba ndi kuyambitsa timiyala mu impso kwa ena. Musanagule botolo lililonse, pitani nalo dzina lake kwa anamwino kapena kwa wa ku famase, ndipo muwauze mankhwala ena onse amene mukumwa.